VPN ikakana kuzima pa kompyuta: chikuchitika n'chiyani mkatimo?

Pali funso limene ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amandifunsa kawirikawiri. Limamveka motere: "Ndinaika VPN pa kompyuta, koma ndikadina Disconnect sikuzima. Nthawi zina ikuzima kenako n'kudziyatsanso yokha. Nditaitseka mokakamiza, intaneti yonse yathawa. Kodi kompyuta yafa?"

Ayi, sinafe. Vutoli limakonzeka, ndipo nthawi zambiri simufunika kulipira munthu. Chabwinonso n'chakuti polikonza mumvetsa mmene intaneti imayendera kuposa mmene mungamvetsere poloweza manotsi a Computer Studies. Ndikamba za Windows 10 ndi Windows 11, poti ndi zimene mumazipeza m'makompyuta ambiri a kusukulu ndi m'mashopu otayipira ndi kupulinta a pa Chitakale kapena pa Boma.

VPN ndi chiyani kwenikweni?

VPN ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Virtual Private Network. Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene uthenga umayendera popanda VPN.

Chilichonse chimene mumatumiza pa intaneti chimagawidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono. Kaphukusi kalikonse kamakhala ndi adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira. Maadiresi amenewa ndi manambala otchedwa IP address. Timaphukusi timachoka pa kompyuta yanu, timadutsa pa foni kapena pa rauta, timalowa mu netiweki ya kampani ngati TNM kapena Airtel, kenako n'kukafika pa tsamba limene mukufuna. Kampaniyo imaona kumene kaphukusi kalikonse kakupita, chifukwa ikapanda kuona singathe kukafikitsa.

Tsopano tiyerekeze kuti mukufuna kulembera kalata mnzanu wa ku Zomba, koma simukufuna kuti a ku positi adziwe amene mukumulembera. Mwaika kalatayo mu envulopu, ndiye envulopuyo mwaiikanso mu envulopu ina yaikulu yopita kwa malume anu ku Johannesburg. Malume akalandira amatsegula yaikuluyo n'kutumiza yaing'ono ku Zomba. Yankho nalonso limadzera kwa malume. A ku positi amangoona kuti mumalemberana ndi malume basi. Mnzanu wa ku Zomba amaona sitampa ya ku South Africa, n'kumaganiza kuti muli ku Joni.

VPN imachita zomwezo. Imasokoneza kaphukusi kanu ndi masamu kuti wina asathe kukawerenga panjira, n'kukakulunga m'kaphukusi kena kopita ku seva ya VPN. Seva imeneyo ndiye malume aja. Koma onani chinthu chimodzi: malume amadziwa aliyense amene mumamulembera. Chinsinsi mwawabisira a ku positi, mwachipereka kwa malume. Tibwereranso pa mfundo imeneyi.

Luso limeneli si latsopano. Mu 1996 akatswiri a Microsoft ndi anzawo anapanga njira yotchedwa PPTP, cholinga chake chinali chakuti wantchito ali kunyumba azitha kulowa mu netiweki ya ku ofesi. OpenVPN inatulutsidwa ndi James Yonan mu 2001. WireGuard, yolembedwa ndi Jason Donenfeld, inalowetsedwa mu Linux mu 2020. Mapulogalamu ambiri a VPN amene mumawapeza lero amagwiritsa ntchito OpenVPN kapena WireGuard pansi pake, ngakhale pamwamba ali ndi mayina ena.

Kuno kwathu anthu ambiri anaidziwa VPN chifukwa cha zochitika kwa anansi athu. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, ndipo anthu anathamangira ku VPN. Ku Mozambique, chitachitika chisankho cha pa 9 October 2024, intaneti ya m'mafoni inadulidwa masiku ena ndipo masamba a mchezo anatsekedwa kumapeto kwa October mpaka mu November. Inu amene muli ndi abale ku Milange, kutsidya kwa Muloza, mwina mukukumbukira mmene mauthenga ankavutira kufika. Apa pali phunziro la sayansi: VPN imathandiza pamene atseka tsamba limodzi, chifukwa kalata ikupita kwa malume osati ku tsambalo. Koma akadula intaneti yonse, VPN ilibe mphamvu. Positi ofesi ikatsekedwa, ngakhale kalata ya kwa malume sichoka.

Zinthu zisanu zimene VPN imasintha mu kompyuta

Mukadina Connect, pa sikirini mumangoona kachizindikiro kasanduka kobiriwira. Mkatimo mwachitika zinthu zisanu.

Choyamba, VPN imapanga khadi la netiweki longoyerekezera. Kompyuta yanu ili ndi khadi lenileni la Wi-Fi kapena la chingwe. VPN imawonjezera lina limene simungaligwire ndi manja, ndi pulogalamu chabe, koma Windows imalitenga ngati lenileni. Mayina amene mungaone ndi monga TAP-Windows Adapter V9 kapena Wintun.

Chachiwiri, imasintha tebulo la njira. Kompyuta iliyonse ili ndi mndandanda wouza timaphukusi khomo lotulukira. Pochoka ku Mulanje kupita ku Limbe mutha kudzera msewu wa Midima, pa Nkando, kapena kuzungulira ku Luchenza ndi Thyolo. Tebulo la njira lili ngati chikwangwani cha pa mphambano. VPN imalembapo kuti magalimoto onse adzere khadi longoyerekezera lija.

Chachitatu, imasintha DNS. Makompyuta sadziwa mayina, amadziwa manambala. DNS ndiye buku losandutsa dzina ngati google.com kukhala IP address. VPN imauza kompyuta kuti isiye buku la kampani yanu, izifunsa la VPN.

Chachinayi, ma VPN ambiri amaika mlonda pa geti. Dzina lake ndi kill switch. Lamulo la mlondayu ndi limodzi: kaphukusi kalikonse kosadzera mu VPN kasatuluke. Anamuika n'cholinga chabwino, kuti VPN ikaduka mwadzidzidzi adiresi yanu yeniyeni isaonekere.

Chachisanu, imasiya wantchito wobisika. Windo imene mumaiona ndi nkhope chabe. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi pulogalamu ina yoyenda kuseri, imene Windows imaitcha service. Iyi imayamba kompyuta ikangoyaka, inu musanalembe n'komwe pasiwedi.

Ndiye batani la Disconnect lili ndi ntchito yobweza zonsezi mmene zinalili: kuuza wantchito wobisika kuti aime, kufufuta zimene zalembedwa pa chikwangwani, kubwezera buku la DNS, ndi kuchotsa mlonda pa geti. Chimodzi chokha chikalephera, mumaona ngati VPN yakana kuzima. Zimachitika kwambiri magetsi akathima VPN ili mkati mogwira ntchito, hotspot ya foni ikaduka pakati, kapena mukaika ma VPN awiri n'kumalimbirana chikwangwani chimodzi.

Nanga ikangokhala choyaka, vuto n'chiyani?

Tiwerengere. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'chingwe cha fibre. Kuchokera ku Mulanje kukafika ku Amsterdam, kumene kuli maseva ambiri a VPN, ndi makilomita oposa 8,000 mutayenda molunjika ngati mbalame. Tiyerekeze kuti mukutsegula tsamba limene seva yake ili ku Blantyre, mtunda wosafika makilomita 100. Ndi VPN, pempho lanu lipita ku Amsterdam, libwerere ku Blantyre, yankho lipitenso ku Amsterdam, kenako lifike ku Mulanje. Maulendo anayi a makilomita 8,000 ndi makilomita 32,000. Tikagawa ndi 200,000 tipeza masekondi 0.16. Kameneka ndi kochepetsetsa, chifukwa zingwe zenizeni siziyenda molunjika. Malawi alibe nyanja ya mchere, choncho zingwe zathu zimayamba zadutsa m'maiko oyandikana nafe kukafika kugombe, kenako n'kuzungulira Africa pansi pa nyanja. Tsamba limodzi limafuna maulendo ambirimbiri otere, ndiye timasekondi timeneti tikaphatikizana, mumakhala mukuyang'ana kabwalo kakuzungulira.

Bandulo nayonso imatha msanga. Envulopu yachiwiri ija ili ndi kulemera kwake. WireGuard imawonjezera mabayiti 60 pa kaphukusi kalikonse, pamene kaphukusi kakakulu kamakhala mabayiti 1,500. Ndiye kuti magawo 4 pa 100 aliwonse apita ku envulopu. Pa 1 GB mwataya pafupifupi 40 MB, ndipo timaphukusi tikakhala tating'ono gawo lotayikalo limakula.

Chinanso, masamba ena amakayikira munthu amene dzulo anali ku Malawi lero ali ku Netherlands. Google imayamba kukulankhulani m'Chidatchi ndi kukufunsani mobwerezabwereza ngati ndinu munthu. Mabanki ena ndi ma imelo amatha kutseka akaunti kwa kanthawi. Taganizani zikuchitikireni tsiku lomaliza lotumiza fomu yofunsira malo ku yunivesite.

Kufufuza vuto musanakonze

Mu labu ya sayansi timasintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kuona chotsatira. Pa kompyuta ndimachitanso chimodzimodzi. Amene amadina paliponse mwaphuma, ngakhale zitatheka, sadziwa chimene chakonza.

Yambani ndi kutsimikiza ngati VPN ikadali yoyaka. Tsegulani browser, lembani "what is my IP" n'kuona dziko limene likutchulidwa. Likakhala Malawi, VPN yazima kale, pulogalamu yokha ndi imene yauma pa sikirini. Likakhala dziko lina, ikadali moyo.

Ngati intaneti palibiretu, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa windo yakuda imene yatseguka lembani:

ping 8.8.8.8

Kenako lembani:

ping google.com

Nambala ya 8.8.8.8 ndi seva ya Google. Zotsatira zake ziwerengeni motere. Zonse ziwiri zikalephera, koma foni imene ikupereka hotspot ili ndi intaneti, kayikirani mlonda uja kapena tebulo la njira. Yoyamba ikayankha koma yachiwiri n'kulephera, msewu uli bwino, lasowa ndi buku la DNS. Zonse ziwiri zikayankha koma browser n'kumakanabe, vuto lili mu browser momwemo kapena pa proxy. Mizere iwiri yokha yakuuzani kumene mungayambire.

Kukonza, kuyambira chopepuka

Tsatani ndondomekoyi, ndipo pakutha pa sitepe iliyonse yesaninso intaneti. Ikatheka, imani pomwepo.

1. Tulukani mu pulogalamu moyenera. Kudina X sikutseka VPN, kumangoibisa. Yang'anani pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, dinani kamuvi koloza m'mwamba. Pezani chizindikiro cha VPN, dinani ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Disconnect, kenako Quit kapena Exit. Pa WireGuard batani lake limalembedwa kuti Deactivate.

2. Lowani mu Settings ya pulogalamuyo. Zimitsani Auto-connect, Launch on startup ndi Kill switch. Ngati VPN imazima n'kudziyatsanso yokha, nthawi zambiri chifukwa chake ndi Auto-connect. Sikuti yachita misala, ikungomvera lamulo limene inapatsidwa. Pa WireGuard mlonda uja ndi kabokosi kolembedwa Block untunneled traffic.

3. Onani ngati si VPN ya Windows yeniyeni. Pitani ku Settings, Network & Internet, VPN, n'kudina Disconnect. Kapena pa windo yakuda lembani rasdial kuti muone zolumikizidwa, kenako rasdial /disconnect kuti muzidule.

4. Imitsani wantchito wobisika. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, sankhani pulogalamu ya VPN, dinani End task. Ikabwereranso, dinani Windows ndi R, lembani services.msc. Fufuzani dzina la VPN yanu, mwachitsanzo OpenVPN Interactive Service kapena WireGuard Tunnel, n'kudina Stop. Apa samalani: musaimitse chinthu chimene simukudziwa ntchito yake. Ambiri mwa antchito amenewa ndi a Windows.

5. Zimitsani khadi longoyerekezera. Windows ndi R, lembani ncpa.cpl. Muona makhadi onse. Dinani kumanja pa la TAP, Wintun kapena la dzina la VPN, sankhani Disable. Khadi likazima, njira zimene zimadutsa pa ilo zimachoka nalo limodzi. Musazimitse la Wi-Fi kapena Ethernet, amenewo ndi enieni.

6. Bwezerani DNS. Muli pomwepo pa ncpa.cpl, dinani kumanja pa khadi lenileni, Properties, Internet Protocol Version 4, Properties. Sankhani Obtain DNS server address automatically. Ngati mwapezamo manambala pa kompyuta ya sukulu, alembeni kaye papepala n'kufunsa aphunzitsi, mwina anaikidwa dala. Pomaliza lembani ipconfig /flushdns pa windo yakuda kuti kompyuta iiwale mayankho akale.

7. Onani proxy ndi browser. Ku Settings, Network & Internet, Proxy, zimitsani Use a proxy server. Mu Chrome kapena Edge tsegulani Extensions, muone ngati mulibe ka VPN kena. Opera ili ndi VPN yake mkati, imazimitsidwira pafupi ndi polemba adiresi.

8. Chitani Restart, osati Shut down. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 pali chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukasankha Shut down, Windows imasunga mtima wake pa disiki kuti mawa idzayake msanga, ndiye vuto lanu limagona n'kudzuka nayo limodzi. Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

9. Zikakanikabe, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, n'kuchita Restart. Chomalizira penipeni ndi Network reset, imene pa Windows 10 ili pansi pa Status ndipo pa Windows 11 ili pansi pa Advanced network settings. Imeneyi imafufuta makhadi onse n'kuwaikanso, komanso imaiwala mapasiwedi a Wi-Fi, choncho akhale olembedwa musanadine.

Pali msampha umodzi umene ndinauona pa kompyuta ya shopu ina yotayipira. Mnyamata wa pashopupo atatopa nayo VPN, anafufuta foda yake yonse. Pulogalamu inapita, koma mlonda anatsala pa geti, ndipo amene akanamuuza kuti achoke kunalibenso. Kompyuta inakhala masiku awiri yopanda intaneti, makasitomala akubwerera. Mankhwala ake anali kukopera pulogalamu yomweyo pa foni, kuiikanso pa kompyuta, kuzimitsa Kill switch, kenako kuichotsa kudzera ku Settings, Apps, Uninstall. Amene anamanga mfundo ndi amene amadziwa pomasulira.

Kwa amene mukufuna kuona mkati

Lembani route print -4 pa windo yakuda VPN ili chozima. Mupeza mzere woyamba ndi 0.0.0.0 wokhala ndi mask ya 0.0.0.0. Tanthauzo lake ndi lakuti kaphukusi kalikonse kopanda njira yakeyake kadzere apa. Mukayatsa OpenVPN, kawirikawiri siifufuta mzere umenewu. Imawonjezera iwiri: 0.0.0.0 ndi 128.0.0.0, yonse ya mask ya 128.0.0.0.

Nzeru yake ili apa. IPv4 ili ndi mabiti 32, choncho maadiresi onse alipo 2 kuchulukitsa yokha ka 32, omwe ndi 4,294,967,296. Mzere uliwonse mwa iwiri ija umatenga theka, maadiresi 2,147,483,648. Lamulo la tebulo ndi lakuti mzere wolozera malo ochepa umapambana wolozera malo ambiri, monga mmene chikwangwani chakuti "Likhubula" chimakuthandizirani kuposa chakuti "Mulanje". Matheka awiri aja amaphimba intaneti yonse, ndipo mzere wakale umangokhala osagwira ntchito. Mukaona mizere iwiriyi VPN mutaizimitsa, mwapeza chimene chikusokeretsa timaphukusi tanu.

Nthawi imene simuyenera kukhudza, ndi nthawi yoyenera kuda nkhawa

Ngati kompyuta ndi ya sukulu, ya chipatala kapena laputopu ya kuntchito kwa makolo anu, VPN ikhoza kukhala kuti inaikidwa dala kuti isazime. Batani la Disconnect limakhala lotuwa, kapena imafuna pasiwedi ya administrator. Pamenepo palibe chowonongeka. Auzeni aphunzitsi kapena mwini wake. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowerera makompyuta a eni popanda chilolezo.

Koma pali VPN ina imene imakana kuzima chifukwa siinabwere kudzakutumikirani. Mukukumbukira kuti malume amaona makalata onse? Mu May 2024 boma la America linalengeza kuti lathyola gulu la makompyuta obedwa lotchedwa 911 S5, limene linakhudza ma IP address oposa 19 miliyoni m'maiko pafupifupi 200. Nyambo yake inali ma VPN aulere monga MaskVPN ndi DewVPN. Munthu akaika, kompyuta yake inkasanduka njira yodutsamo mauthenga a akuba, amene ankalipira kuti aoneke ngati ali pa adiresi ya munthu wosalakwayo. Mwini kompyuta ankangodabwa kuti bandulo ikutha usiku ali mtulo.

Seva imadya magetsi, imafuna zingwe ndi antchito. Ndiye mnzanu akakupatsani pa fulashi pulogalamu yakuti ndi ya intaneti yaulere, dzifunseni kuti akulipira ndani, ndipo akulipira ndi chiyani. Zizindikiro zokayikitsa ndi izi: simukumbukira kuti munaiika, siyikupezeka pa Apps kuti muichotse, imabwerera mutaichotsa, kapena data ikuyenda inu musakuchita kanthu. Mukaona zimenezi chotsani kompyuta pa intaneti, chitani Full scan ndi Windows Security, ndipo musinthe mapasiwedi anu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina.

Yesani izi

1. Seva ya VPN ili ku Johannesburg, tinene makilomita 1,400 kuchokera ku Mulanje. Werengerani nthawi yochepetsetsa imene kaphukusi kangatenge kupita ndi kubwera. Fananitsani ndi ya ku Amsterdam.

2. Mnzanu akuti ping 8.8.8.8 ikuyankha koma ping google.com ikukana. Mwa zinthu zisanu zija, ndi chiti chimene sichinabwerere m'malo mwake? Muyambira sitepe iti?

3. Kaphukusi ka mawu pa foni ya pa intaneti kali ndi mabayiti 200. WireGuard ikawonjezera 60, kakula ndi magawo angati pa 100?

4. Ngati muli ndi chilolezo pa kompyuta ya ku labu, lembani route print -4, mupeze mzere wa 0.0.0.0, mukopere nambala ya Gateway m'kope mwanu. Nambala imeneyo ndi ya chipangizo chiti m'chipindamo? Chipezeni, muchiloze ndi chala.